Tiyambe Tamva, Kenaka Tigamule

M'nyumba zathu zambiri mumazengedwa kamlandu kamene sikafika kwa amfumu. Madzulo, ntchito zitatha, mnyamata wakhala pakhonde ndi foni yake, nyimbo ikumveka pang'onopang'ono. Bambo akutuluka m'nyumba, amva ng'oma yagunda kaŵiri katatu, ndipo chigamulo chatuluka kale: "Iwe, tazimitsa nyimbo za anthu a fodya wamkuluzo!" Mnyamata ayesa kudandaula: "Koma bambo, mukadayamba mwamva zimene akunena." Bambo ati alibe nthaŵi yomvera phokoso. Nyimbo izima. Mnyamata aloŵa kuchipinda, atseka makutu ake ndi tizingwe tija, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe wamkulu m'nyumbamo amene adzadziŵenso zimene zikuloŵa m'mutu mwa mwanayo.

Ife tikuti bamboyo walakwa, ndipo tikunena zimenezi podziŵa kuti ambirife tidachitapo chimodzimodzi. Kudera nkhaŵa mwana si kulakwa ai. Kholo losalabadira zimene mwana wake akumvera usana ndi usiku lataya udindo wake. Kulakwa kwa bamboyo ndi kugamula mlandu asanaumve. Kumudzi, mfumu imene ingagamule mlandu wa munda itangomva kuti woimbidwa mlanduyo ndi wa mfunda wakutiwakuti, anthu angaichotsere ulemu tsiku lomwelo. Koma pa nkhani ya nyimbo tidazoloŵera kuweruza motero. Timva kuti iyi ndi reggae, iyi ndi rap, iyi ndi jazi, iyi ndi country, ndipo dzina lokhalo latikwanira. Mtundu wina tidaupatsa chiphaso choloŵera m'nyumba mpaka muyaya, wina tidautsekera kunja osaufunsa kanthu. Pempho lathu m'nkhani ino ndi limodzi lokha: chimbale chilichonse chiweruzidwe pachokha, ndipo wochiweruza akhale munthu amene wachimva kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsiriza. Pempho limeneli tikulipereka kwa makolo anzathu, komanso kwa akatswiri olemba ndemanga za nyimbo m'magazini otchuka a kunja, pakuti nawonso ali ndi mlandu wao woti ayankhe.

Dzina la mtundu limanamiza

Tiyambe ndi jazi, imene anthu ambiri aulemu ankaiyesa nyimbo ya m'nyumba zomweramo moŵa, poti ku America idakuliradi m'malo otero. John Coltrane, katswiri woliza lipenga la saxophone, adali kapolo wa moŵa ndi mankhwala osokoneza bongo, kotero kuti mu 1957 Miles Davis adamchotsa m'gulu lake. Chaka chomwecho Coltrane adaleka zonsezo. Pa 9 Disembala 1964 adaloŵa m'nyumba yojambuliramo nyimbo ku New Jersey pamodzi ndi anzake atatu, McCoy Tyner pa piyano, Jimmy Garrison pa besi ndi Elvin Jones pa ng'oma, ndipo tsiku limodzi lokhalo adajambula chimbale chotchedwa A Love Supreme. Chili ndi zigawo zinai, chimatenga mphindi 33, ndipo mwiniwake adalemba pa chikuto chake kuti ntchito yonseyo ndi mphatso yothokoza Mulungu amene adamtulutsa mu ukapolo uja. M'chigawo chotsiriza lipenga likutsata mau a pemphero limene iye adalemba yekha, liwu ndi liwu, ngati munthu amene akupemphera ndi mpweya wokha. Kholo limene likadataya chimbale chimenechi kudzala chifukwa cha dzina loti jazi likadataya pemphero la munthu wolapa.

Tsopano titembenukire ku mtundu umene ifeyo timaukonda. M'nyumba zambiri muno m'Malaŵi nyimbo za country zidaloŵa kalekale popanda wozifunsa kumene zachokera. Jim Reeves, Don Williams, Dolly Parton ndi Kenny Rogers tidaŵamva pa wailesi tili ana, ndipo bambo amene amakalipira mwana wake chifukwa cha reggae amaika country m'galimoto mtima uli m'malo. Amati izi ndiye nyimbo zaulemu. Koma ndi angati mwa ife adatcherako khutu ku mau ake? Pa 13 Januwale 1968 Johnny Cash adakaimbira akaidi ku ndende ya Folsom ku California, ndipo zimene zidajambulidwa tsikulo zidatuluka pa chimbale chotchedwa At Folsom Prison. M'nyimbo yoyamba yeniyeniyo woimba akuyankhula ngati mkaidi amene adapha munthu wosamlakwira, popanda chifukwa chilichonse. M'nyimbo ina akuyankhula ngati mwamuna amene adaombera mkazi wake ataledzera ndi mankhwala. Mau omweŵa akadatuluka m'kamwa mwa mnyamata wa rap, tikadaitanitsa msonkhano wa makolo.

Kodi tsono tikuti chimbalechi n'choipa? Ai ndithu. Wochimva chonse amapeza kuti Cash sakutamanda kupha. Waima pakati pa anthu amene dziko lidaŵaiŵala, akuimba zolakwa zao ndi chisoni chao m'chiyankhulo chimene iwo akuchimva, ndipo akutsiriza ndi nyimbo imene adapeka mmodzi mwa akaidi omwewo, Glen Sherley, amene tsikulo adali pakati pa omvera. Mu 1972 Cash adakayankhula pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington kupempha kuti moyo wa m'ndende ukonzedwe. Ife timachiyesa chimodzi mwa zimbale zachifundo koposa zimene tidazimvapo. Koma chifundo chakecho chimaoneka kwa amene wapirira mpaka kumapeto, monga akulu adanenera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wongomva nyimbo yoyamba akadachikana, ndipo wongomva dzina loti country akadachivomera osadziŵa chimene wavomera.

Pa nkhani ya reggae ndiye timadzitsutsa tokha. Kugunda kumene timakunyoza kukachokera ku Jamaica ndi komwe timavina pa ukwati wa mwana wathu kukachokera ku Balaka, kumene Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius adakulira m'gulu la Alleluya. Evison Matafale wa ku Chileka, amene adamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 atangotulutsa zimbale ziŵiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, ankaimba reggae yomweyo, ndipo ndi ochepa amene angatsutse kuti adali munthu wolingalira mozama za dziko lake.

Taonani zimbale ziŵiri za Bob Marley zimene zidatuluka motsatizana. Pa 3 Disembala 1976 anthu amfuti adaloŵa kunyumba kwake ku Kingston, namulasa iye, mkazi wake ndi ena. Patangopita masiku aŵiri adaimbabe pamaso pa khamu monga momwe adalonjezera, kenaka adachoka m'dzikomo nakakhala ku London. Kumeneko adajambula Exodus, chimene chidatuluka mu Juni 1977. Mbali yoyamba ikunena za chinyengo cha anthu amphamvu ndi za ulendo wa anthu oponderezedwa ofunafuna kwao. Mbali yachiŵiri ikunena za chikondi ndi kuyanjana. Munthu amene chipolopolo chidali chikadali m'mkono mwake sadaimbe zolipsira. Mu 1999 magazini ya Time idachitcha chimbale chopambana cha zaka 100 zonsezo. Koma mu 1978, kuchokera m'nyimbo zojambulidwa pa nyengo yomweyo ku London, Marley adatulutsa Kaya, ndipo dzina limenelo ndi limodzi mwa maina a fodya wamkulu ku Jamaica. M'menemo muli nyimbo zokoma zachikondi, komanso muli zoyamikira fodyayo mosabisa. Apa kholo lili ndi ufulu wonse wouza mwana wake kuti: "Mwananga, nyimbo iyi ndi iyi sindigwirizana nazo, chifukwa ndidaona ndi maso angaŵa zimene fodya ameneyu adamchita uje." Mau otere mwana amaŵamva, chifukwa akuona kuti bambo wake wamvetsera, wasiyanitsa, ndipo akudziŵa chimene akukana. Koma bambo amene angoti reggae yonse ndi ya anthu osuta wadzichotsera yekha mphamvu, pakuti mwanayo wamva Exodus ndipo akudziŵa kuti bambo wake akunena zimene sadazimve.

Nanga rap, imene ambirife sitiiyesa nyimbo n'komwe? Mu 1998 Lauryn Hill, amene adatchuka m'gulu la Fugees, adatulutsa The Miseducation of Lauryn Hill. Nyimbo ina m'menemo ikusimba zimene zidamchitikira ali mtsikana wa zaka zongopitirira 20, atakhala ndi pathupi pa nthaŵi imene dzina lake lidali litangoyamba kumveka dziko lonse. Anthu omzungulira adamlangiza kuti aganizire ntchito yake, pathupipo apachotse. Iye adakana, mwana adabadwa, ndipo nyimboyo idatenga dzina la mwanayo. M'nyimbo ina akuchenjeza atsikana ndi anyamata omwe kuti asadzitchipitse chifukwa cha chilakolako kapena ndalama. Mu 1999 adalandira mphotho zisanu za Grammy usiku umodzi, kuphatikizapo ya chimbale chopambana cha chaka, imene chimbale cha mtundu umenewu chidali chisanailandirepo. Amai ambiri amene amaletsa ana ao aakazi kumvera rap akadakondwa kwambiri mwana wao atamva malangizo omweŵa kwa anamkungwi.

Zoipa zilipo, koma sizilembedwa pamphumi

Wina atiyankha kuti: "Mwasankha zimbale zabwino zokhazokha. Kodi simukudziŵa kuti kunjaku kuli nyimbo zolaula, zonyoza akazi, zotamanda mfuti ndi ndalama?" Tikudziŵa, ndipo n'zambiri. Zilipo mu rap, zilipo mu rock, zilipo m'nyimbo za m'Chicheŵa chathu chomwechi zimene timazimva m'minibasi ana athu ali pamiyendo. Ngakhale DAMN. cha Kendrick Lamar, chimene mu 2018 chidalandira mphotho ya Pulitzer, imene kale inkapita ku nyimbo za classical ndi jazi zokha, chili ndi mau otukwana ochuluka moti ife sitingachiike pamaso pa ana a ku pulaimale, ngakhale tikuvomera kuti ndi ntchito ya munthu amene akulimbana ndi chikumbumtima chake moona mtima. Sitikunena kuti zonse n'zabwino. Tikunena kuti choipa sungachizindikire poŵerenga dzina la mtundu wake. Chimbale cholembedwa kuti nyimbo zauzimu nachonso chikhoza kukhala cha munthu wongofuna ndalama, wolonjeza osauka galimoto ndi nyumba yansanjika m'dzina la Mulungu, ndipo timachigula osachifunsa chifukwa chikuto chake chili ndi nkhunda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makolo a ku America adayesapo njira yachidule, ndipo nkhani yao ili ndi phunziro. Tipper Gore, mkazi wa phungu Al Gore, adagulira mwana wake wa zaka 11 chimbale cha Prince chotchedwa Purple Rain, chimene chidatuluka mu 1984 ndipo chinkayamikiridwa paliponse. Atachiika kunyumba, adadzidzimuka kumva nyimbo ina ikusimba zolaula mosabisa. Mu 1985 iye ndi amai anzake adayambitsa bungwe lotchedwa Parents Music Resource Center, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho nkhaniyo idakambidwa m'nyumba ya malamulo. Mmodzi mwa oimba amene adadzatsutsa adali John Denver, munthu wa nyimbo zofatsa amene makolo ankamkonda. Iye adakumbutsa aphunguwo kuti nyimbo yake ya mu 1972, yonena za chimwemwe chimene munthu amamva pokhala m'mapiri a ku Colorado, wailesi zina zidailetsa poganiza kuti ikunena za kuledzera ndi mankhwala. Mapeto ake makampani adavomera kumata chenjezo pa zimbale za mau oipa, ndipo kuyambira mu 1990 kachizindikiro kakuda ndi koyera kaja kadayamba kuoneka paliponse. Kachizindikiroko kamathandiza pang'ono, sitikana. Koma kamangoŵerenga mau otukwana. Sikadziŵa kusiyanitsa woimba amene akulira chifukwa cha chiwawa ndi woimba amene akuchitamanda, ndipo nyimbo yophunzitsa mwana kunyoza mkazi ndi mau aulemu imadutsa popanda chenjezo. Tisaiŵalenso poyambira nkhaniyi: mai uja adagula chimbalecho pomvera mbiri yake, ndipo adadzachimva mwana wake ali kale pomwepo.

Akatswiri nawonso amaphonya

Nanga ngati dzina la mtundu limanamiza ndipo chenjezo silikwanira, bwanji osangodalira akatswiri? Kunjaku kuli anthu amene ntchito yao ndi kumvera zimbale ndi kuzipatsa nyenyezi, ndipo achinyamata athu ophunzira amaŵakhulupirira monga momwe ife timakhulupirira dzina la mtundu. Ena amatsutsana mpaka usiku za chimbale chimene sadachimve, poti adaona pa intaneti kuti chidapatsidwa nyenyezi zisanu. Ameneŵanso akugamula asanamve. Angosintha munthu woŵaganizira.

Akatswiriŵa mbiri yao ili ndi zigamba. Mu 1961 wolemba wina m'magazini ya DownBeat adanena kuti zimene Coltrane ankaliza pa nthaŵiyo zinali zotsutsana ndi jazi yeniyeni. Mu 1969 magazini ya Rolling Stone idanyoza chimbale choyamba cha gulu la Led Zeppelin, ndipo patapita zaka magazini yomweyo idachiika pakati pa zimbale zopambana. Mu 2003 olemba a Pitchfork adapatsa chimbale cha Liz Phair 0.0 pa 10. Mu 2019 amene adalemba ndemangayo adapepesa poyera, ndipo mu 2021 chimbalecho adachikweza kufika pa 6.0. Kupepesa n'kwabwino, koma mai woimbayo adasenza manyaziwo zaka 16.

Chitsanzo chomveka bwino koposa ndi cha What's Going On cha Marvin Gaye. Mng'ono wake adabwera kuchokera ku nkhondo ya ku Vietnam ndi nkhani zosautsa, ndipo Gaye, amene adatchuka ndi nyimbo zachikondi, adafuna kuimba za nkhondo, umphaŵi wa m'mizinda, ana osiyidwa ndi kuonongeka kwa nyanja ndi mpweya. Berry Gordy, mwini wa kampani ya Motown, munthu amene khutu lake lidali litalemeretsa oimba ambiri, adakana nyimbo yoyambayo. Idatuluka mu Januwale 1971 iye asanavomere, anthu adaigula mwaunyinji, ndipo chimbale chonse chidatuluka mu Meyi chaka chomwecho. Nyimbo zake zimalumikizana popanda kupumira, kotero kuti kumvapo imodzi yokha kuli ngati kuloŵa pabwalo mboni ili pakati pa umboni wake. Mu 2003, pamene Rolling Stone idatulutsa mndandanda wa zimbale 500 zopambana, What's Going On chidali pa nambala 6, ndipo pa nambala 1 padali Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha gulu la Beatles, limene lidatenga malo anai mwa malo khumi oyamba. Mu 2020 magazini yomweyo idafunsanso anthu ena oposa 300, mwa iwo akazi ndi anthu akuda ochulukirapo kuposa kale. Chimbale cha Gaye chidakwera pa nambala 1, cha Beatles chija chidatsika kufika pa 24, ndipo cha Lauryn Hill, chimene kale chidali kupitirira nambala 300, chidafika pa 10. Pa zaka 17 zimenezo palibe liwu limodzi limene lidasintha m'zimbalezo. Amene adasintha ndi anthu okhala pabwalo.

Ndipo bwalo limenelo si lathu. M'mndandanda wa mu 2020 zimbale za ku Africa kuno n'zoŵerengeka ndi zala za dzanja, monga za Fela Kuti ndi King Sunny Adé a ku Nigeria. Franco wa ku Congo, amene gitala lake lidavinitsa theka la Africa, mulibe. Oliver Mtukudzi mulibe. Sitikuŵaimba mlandu wa njiru. Munthu amasankha pakati pa zimene adazimva. Koma tikudabwa ndi mwana wa kuno amene amatenga mndandanda wotere ngati chigamulo cha dziko lonse lapansi, nayamba kuchita manyazi ndi nyimbo zimene amai ake ankamuimbira ali kumbuyo.

Tisamveke ngati tikuti ndemanga zilibe ntchito. Ndemanga yabwino imapereka zifukwa zimene woŵerenga angathe kuziyesa ndi khutu lake. Mkangano wa Graceland udali wotero. Mu 1985 Paul Simon adapita ku Johannesburg kukajambula nyimbo ndi oimba akuda, pa nthaŵi imene bungwe la United Nations lidali litapempha oimba a maiko onse kuti asagwire ntchito ku South Africa chifukwa cha tsankho la boma la kumeneko. Chimbalecho chidatuluka mu 1986, ndipo mmodzi mwa ochikometsa adali Ray Phiri, woliza gitala amene adaleredwa ndi bambo wochokera kuno ku Malaŵi. Ena adati Simon waphwanya chigwirizano cha omenyera ufulu ndipo wadyerera luso la anthu oponderezedwa osatchulako za kuzunzika kwao. Ena, monga Hugh Masekela ndi Miriam Makeba, amene adali atathaŵa tsankho lomwelo, adayenda naye mpaka ku Harare mu 1987, poona kuti oimba a kwao, monga Ladysmith Black Mambazo, apeza mwai womveka dziko lonse. Mbali zonse ziŵiri zidali zitachimva chimbalecho, zidadziŵa chimene chidali pangozi, ndipo zidapereka zifukwa. Munthu akhoza kuŵerenga mkangano umenewo lero nasankha mbali, kapena kuvomera kuti nyimbo ikhoza kukoma pamene njira yoipangira ili ndi mafunso. Nyenyezi zisanu kapena 0.0 sizingamphunzitse zimenezo.

Ntchito ili m'manja mwathu

Tsono abale athu, ntchitoyi palibe woti atigwirire. Pagule fumbi ndiwe mwini. Chimbale cha galamafoni chimene kampani ya Columbia idabweretsa mu 1948 chinkatenga mphindi zopitirira pang'ono 20 mbali iliyonse, ndipo kuyambira pamenepo oimba ambiri adazoloŵera kukonza nyimbo zao ngati nkhani imodzi yokhala ndi poyambira ndi pothera. Lero mafoni amatipatsa tizidutswa ta masekondi oŵerengeka, ndipo ana athu nawonso ali pangozi yoweruza nyimbo ndi kachidutswa, monga momwe ife timaweruzira ndi dzina. Matendaŵa ndi amodzi, ndipo mankhwala ake ndi amodzinso. A Love Supreme ndi What's Going On chilichonse sichikwana mphindi 40, kuchepera gawo limodzi la mpira wamiyendo umene timauonera Loŵeruka osadandaula za nthaŵi. Kholo limene lingati lilibe mphindi 40 zomvera chimene mwana wake amachimva tsiku ndi tsiku liyenera kudzifunsa kumene nthaŵi yake ikupita.

Ena adzati Chingerezi cha oimbaŵa n'chothamanga, sitichimva. Pamenepo ndiye pabwino, chifukwa mwanayo akhale womasulira. Mufunseni kuti woimbayu ndani, adakulira kuti, akunena chiyani za akazi, za ndalama, za munthu amene wamlakwira. Mwana amene akumasulira bambo wake mau a nyimbo amaŵamvanso yekha mwatsopano. Mau ena amene ankaŵaimba mosaganizira adzamlemera pakamwa, ndipo adzazindikira yekha popanda womkalipira. Mau ena adzakudabwitsani inuyo, mudzapeza kuti mwana wanu wakhala akusunga mumtima nyimbo yonena za bambo amene sacheza ndi ana ake. Mukatha kumva, gamulani ndithu, ndipo gamulani mosaopa. Nenani kuti ichi n'chabwino, ichi n'chachabechabe, ichi m'nyumba muno ai, ndipo perekani chifukwa chake. Lolaninso mwanayo amve Jim Reeves wanu mpaka kumapeto, anene maganizo ake, ngakhale atati mkuluyo amaimba ngati wagona.

Tikudziŵa kuti njira imeneyi n'njovutirapo kuposa kukuwa kuti "zimitsa". Tsiku lina mudzamva chimbale chonse ndipo chidzakhaladi choipa monga momwe munkaganizira. Ngakhale pamenepo simunataye nthaŵi, pakuti mudzatsutsa muli ndi umboni, ndipo mwanayo adzadziŵa kuti munamlemekeza mokwanira kuti mukhale naye pansi. Maŵa akadzamva nyimbo yatsopano imene yamsokoneza mtima, adzaibweretsa kwa inu m'malo moibisa kuchipinda.

Choncho madzulo ano, mukamva ng'oma ikugunda pakhonde, musathamangire chigamulo. Tengani mpando wanu, khalani pafupi naye, ndipo mumuuze kuti: "Mwananga, taibwezera poyamba, ndimve nawo."